Kodi kuwala kungayendetse dontho la magazi? Yankho kwa achemwali a ku Ulongwé

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti pali tizipangizo toyezera matenda momwe magazi amayendetsedwa ndi kuwala, komanso ngati tidzationa m'zipatala zing'onozing'ono za kuno ku Angónia. N'zoona ndithu, koma pakadali pano zambiri zili m'manja mwa ofufuza. Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale ndipo nkhaniyi imandikoka mtima, ndiye mundilole nditalikitseko.

Tiyambire pa kachida koyezera malungo kamene a APE, azaumoyo a m'madera, amayenda nako m'midzi. Dontho la magazi limayenda lokha pakapepala, monga mmene palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Vuto lake n'lakuti likanyamuka simungaliimitse. Koma pali kuyeza kwina kofuna kuti madziwo adikire kaye, asakanikirane ndi mankhwala oyamba, kenako apite kwa achiwiri. Makina a GeneXpert oyezera TB amachita zimenezi ndi kapisitoni ndi valavu, n'chifukwa chake amafuna magetsi.

M'tizipangizoti madzi amadutsa m'tingalande topyapyala ngati tsitsi, ndipo mmenemo madzi salabadira kulemera kwawo, amamvera khoma lomwe akulikhudza. Onani mame pa tsamba la kabichi m'dimba: amaundana ngati mkanda n'kugubuduka. Madzi omwewo pa galasi loyera bwino amayala. Ndiye akatswiri anaganiza zopaka khoma mankhwala oti lizikhala ngati tsamba la kabichi, koma mukaliunikira lisanduke ngati galasi. Pamene mwaunikapo madzi adutse, pamene simunaunike aime. Kuwala kukhale chitseko.

Mankhwala odziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi azobenzene. Kamolekyu kake, kutanthauza kachidutswa kake kochepetsetsa, kamakhala kowongoka, koma kakalandira kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV kamapindika n'kuyamba kukondako madzi, ndipo kuwala kwabuluu kumakawongolanso. Mu 2000, Kunihiro Ichimura ndi anzake ku Japan anayendetsa dontho la mafuta a olivi pamalo opakidwa motere, pongounikira mbali imodzi kwambiri kuposa inzake. Taonani, anali mafuta osati madzi, chifukwa pamalo osalala kusinthako kumakhala kochepa, sikukwanira kukankha dontho la madzi. Palinso titanium dioxide, yemwe gulu la Akira Fujishima linaonetsa mu 1997 kuti UV imamupangitsa kuyala madzi kotheratu. Ameneyu amapakidwa kale pa magalasi odziyeretsa okha, koma amachedwa kwambiri kubwerera mwakale, choncho ngati chitseko ndi wotsegula msanga, wovuta kutseka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kutentha. Azobenzene wopindika uja amawongoka yekha pakapita nthawi, ndipo kukatentha amafulumira. Kuno kumapiri a Angónia ndi Tsangano kuli bwinoko, nanga mumzinda wa Tete kapena ku Moatize m'mwezi wa Novembala, kutentha kukapyola madigiri 40? Kachida koyesedwa m'chipinda chozizira bwino kangathe kutseka njira nthawi isanakwane. Komanso magazi si madzi a pamjigo. Ali ndi mapuloteni omwe amamatirira kukhoma n'kukwirira mankhwala opakidwawo, ndiye kuwala kumafika koma madzi sakhudzanso chomwe chasinthacho. UV nayo imawononga DNA, yomwe nthawi zina ndi imene mukufuna kuyezayo, n'chifukwa chake ofufuza ena akusakasaka mitundu ya mankhwalawa yomvera kuwala wamba kooneka ndi maso.

Ngakhale zili choncho, ine ndikulakalaka zitatheka. Kababu ka LED kamadya moto wochepa kwambiri, kasola kakang'ono kangakayatse tsiku lonse, ndipo mulibe chozungulira choti n'kuthyoka kapena kudzaza fumbi. Kwa namwino wa kumudzi wa ku Chifunde kapena ku Macanga, kutali ndi labotale, chimenecho n'chachikulu. Mukadzamva kuti kachida kotere katuluka, mudzafunse ngati anakayesa ndi magazi enieni a odwala, komanso pa kutentha kwanji.