Funsani Amalume: Abwana akuti ndiziyatsa chikepe chimene a NSSA anatseka

FUNSO: Amalume, makolo anga ndi a ku Dedza koma ine ndinabadwira ku Mufakose. Ndine mlonda pa mafulati ena ku Avenues muno mu Harare. A NSSA, bungwe la boma loona za mapenshoni ndi chitetezo cha ogwira ntchito, anabwera n'kutseka chikepe chathu, akuti zingwe zadyeka ndipo chitseko cha pansanja yachinayi chimatseguka chikepecho chisanafike. Alendi, anthu ochita renti m'mafulatimu, akudandaula, makamaka agogo ena okhala pamwamba penipeni. Ndiye abwana akuti ndizichiyatsa madzulo, aboma akaweruka. Makiyi amasunga ndine. Zikavuta, adzamangidwe ndani?
Mlonda wa ku Avenues

YANKHO: Mphwanga, makiyiwo asakhudze chikepecho, ngakhale abwana akulonjeze bonasi.

Kuno ku Zimbabwe nkhani ya zikepe ili pansi pa lamulo la Factories and Works Act, Chapter 14:08, pamodzi ndi malamulo ake a zikepe ndi masitepe oyenda okha a mu 1976. Amene amayendera ndi a NSSA, nthambi yawo yoona za chitetezo pantchito. Woyendera akaona kuti makina angavulaze anthu, ali ndi mphamvu yowaimitsa mpaka atakonzedwa. Kuyendetsa chikepe chimene chaimitsidwa ndi mlandu, ndipo khoti likhoza kugamula chindapusa, ndende, kapena zonse ziwiri.

Woyamba kufunsidwa ndi mwini nyumba, chifukwa udindo woonetsetsa kuti chikepe chikukonzedwa ndi kuyenderedwa ndi wake. Koma usaone ngati iwe watetezeka. Munthu akafera m'menemo, nkhani imasanduka yopha munthu chifukwa chosasamala, yomwe ili pa gawo 49 la Criminal Law (Codification and Reform) Act. Apolisi adzafunsa kuti anayatsa ndani. Tsiku limenelo abwana adzati sanakutume, ndipo mawu amene anakuuza pakhonde palibe adzawachitire umboni.

Pa zolakwika ziwirizo, chimene chandiopsa kwambiri ndi chitseko. Chikepe chimapachikidwa pa zingwe zingapo, ndipo chili ndi mabuleki amene amaluma njanji chikayamba kutsika mothamanga. Koma chitseko chilibe wochipulumutsa. Chimayenera kukhala chokhoma mpaka chikepe chitaima pomwepo. Loko ameneyo akafa, mayi wobereka mwana kumbuyo, jumbo ya ku Mbare Musika m'manja, amangoona chitseko chatseguka n'kuponda. Pansi palibe. Ndiye abwana ako asankha madzulo, nthawi imene magetsi a ZESA amakonda kuthima ndipo m'makonde muli mdima!

Abwanawo uwauze mwaulemu kuti lamulo lawo loti uziyatsa chikepecho akulembere papepala n'kusainira, kapena akutumizire pa WhatsApp. Ndikhulupirira sadzalemba. Akakukakamiza, bweza makiyi a chipinda cha makina pamaso pa mboni. Pakadali pano tchinga chitseko cha pansanja yachinayicho ndi thabwa lolimba, chifukwa ngakhale chikepe chitazimitsidwa dzenjelo likadalipo.

Za agogowo ndawamvera chisoni, kukwera masitepe ndi mawondo otha si masewera. Koma alendi ndiwo ali ndi mphamvu kuposa iwe, poti renti amalipira ndi iwo. Alembe kalata imodzi, asainire onse, yopempha mwini nyumba kuti aitane amakanika odziwa zikepe kenako a NSSA adzayenderenso. Kope lina akalisiye ku NSSA House, pa mphambano ya Sam Nujoma Street ndi Selous Avenue. Akakuchotsa ntchito chifukwa chokana, undilemberenso tikambirane za ku Labour, koona madandaulo a ogwira ntchito.