Land Rover imeneyo isachoke pakhomo, ndakupemphani

Achimwene, ndangoona zithunzi mwaika m'gulu muno za Land Rover yakale imene agogo anu akusiyirani, mtima wangoti myuu, mpaka nsima ndaisiya. Kwa a sikilapu musagulitse. Komanso awa akukuuzani m'makomenti kuti muikokere ku galaja mawa lomwe, chonde musawamvere. Ine ndinachita zimenezo ndipo mpaka lero ndikakumbukira tulo timandithawa.

Dziwani kaye chimene agogo anu akusiyirani pansi pa mtengo wa mangowo. Si Land Rover wamba imeneyo. Denga lotsegukira mbali imodzilo, lokhala ndi nsalu yamizeremizere, ndi Dormobile. Galimoto inkatuluka ku fakitale ya ku Solihull, ku Britain, ngati Land Rover ina iliyonse, kenako kampani ya Martin Walter ya ku Folkestone inkaitenga n'kuiika denga la fayiba lokwezeka, mabedi awiri m'mwamba, mipando yoti ukaigoneka isanduke bedi, chitofu cha gasi, sinki ndi kabati ya zovala. Anthu anayi kugona momwemo, kuphika momwemo, kutchire kulikonse. Magetsi akutsogolo a yanuyo ali pakati moyandikana ndi radiyeta, mawotchi ali pakati pa dashibodi, ndiye ndi yakale kuposa Series III imene inabwera mu 1971. Ikufanana ndendende ndi yathu, Series IIA yaitali ija ya mainchesi 109, ya injini ya petulo ya malita 2.25.

Yathu inabwera ndi bambo. Anali dalaivala wa mzungu wina wa za nkhalango kuphiri kuno, nthawi imene Zomba linali likulu. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 mzunguyo sanakhalitse, anabwerera kwawo, galimoto n'kuwasiyira bambo. Palibe chimene sinanyamule. Matemba ochokera ku Kachulu, mpunga wa ku Domasi, amayi oyembekezera pakati pa usiku, maliro a m'mudzi mwathu monse. Ife ana tinkalimbirana mabedi a m'mwamba aja. Shafiti yakumbuyo itathyoka m'zaka za m'ma 1990, matenda omwe eni magalimoto amenewa amawadziwa bwino, bambo anaiimika kuseri kwa nyumba ku Chinamwali akuti akonza akapeza ndalama. Ndalama sinapezeke. Nkhuku zinaikira mazira m'menemo zaka zoposa makumi awiri. Koma inali yathunthu, achimwene, mvetsani pamenepa. Nyerere, makoswe, mvula ya pa Zomba, zonsezo sizinachotsepo ngakhale bawuti limodzi.

Bambo atatisiya nthawi ya Covid ndinalonjeza amayi kuti galimotoyo idzayendanso iwo ali moyo. Mlamu wanga anandilozera makaniko wina, akuti ndi wa kutchalitchi kwawo, munthu woopa Mulungu. Ndinaikokera kumeneko, ndinapereka ndalama zoyambira, ndipo poti ndinkagwira ntchito ku Lilongwe, zonse zinkayendera pa foni. Mwezi ndi mwezi, "bwana, pakufunika mapistoni", ndikutumiza. "Bwana, mabuleki", ndikutumiza. Ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp, koma nthawi zonse cha injini chokha, atajambula pafupi kwambiri. Miyezi isanu ndi inayi.

Tsiku limene ndinapita osamuuza linali Loweruka, ndipo cholakwa changa chachikulu n'chakuti ndinatenga amayi. Anavala chitenje chawo chatsopano, akuti akukaona galimoto ya bambo. Tinatsika minibasi, tinayenda pang'ono, tinalowa mumpanda. Ndinayang'ana uku ndi uku osaiona. Kenako ndinaona chinthu chitakhala pa njerwa kuseri kwa chimbudzi, chopanda matayala, chopanda zitseko, chopanda boneti. Ndinaizindikira ndi chiwongolero chokha, chifukwa bambo anachikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga ndipo mphirayo inali ikadalipo. Denga analichotsa n'kulitembenuza pansi ngati chibeseni, mutadzaza madzi a mvula ndi oyilo wakuda, anyamata akutsukiramo zitsulo za magalimoto ena, mbali imodzi litang'ambika chifukwa ankapondapo. Nsalu yamizeremizere ija anaidula n'kutchingira dzuwa pamene amakhala. Chitofu kulibe. Sinki kulibe. Mipando iwiri ndinaipeza pakhonde, makasitomala akukhalira. Giyabokosi kulibe, pansi pangotsala dzenje ukuona udzu. Ndipo pambali pamenepo panali mbaula, mwana wina akuwotcha chimanga, waya wowotcherapo ndi uja wa kutsogolo kwa radiyeta, wa galimoto ya bambo anga.

Amayi sanalire, sanakuwe. Anangokhala pansi padothi lodzaza girisi ndi chitenje chatsopano chija, n'kugwira tsaya. Anati, "Mwanangu, abambo ako awavula." Mawu okhawo. Ine manja ankanjenjemera, ndinalephera ngakhale kutsegula foni kuti ndijambule.

Mwini galaja anatulukira akupukuta m'manja, akumwetulira, akuti, "Aa bwana, simunanene kuti mukubwera. Zonse zilipo, tangozisunga pabwino." Pabwino pati? Zitseko ndi boneti anagulitsa kwa osungunula miphika. Mukudziwa kuti thupi la Land Rover ndi aluminiyamu, anayamba choncho kuyambira yoyamba ija ya 1948 chifukwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha chitsulo chinali chosowa ku Britain, n'chifukwa chake thupi silichita dzimbiri, n'chifukwa chakenso a sikilapu akukuvutitsani pakhomopo. Iwo sakuona galimoto, akuona makilo. Giyabokosi anaika mu Land Rover ya munthu wina wa ku Thondwe amene analipira kashi. Kabureta, sitata, radiyeta, zonse zinapita chimodzichimodzi. Injini imene ankanditumizira pa foni ija sanaitsegule n'komwe, ankangoipukuta ndi dizilo kuti iziwala.

Munthu ameneyu sindidzamukhululukira, ndipo amene mukufuna kundilalikira m'makomenti musavutike. Akanandibera ndalama zokha ndikanaiwala. Koma iye ankadziwa kuti ndi ya malemu, ndinamuuza ndi pakamwa panga tsiku loyamba, anagwedeza mutu n'kunena kuti "pepani bwana, tiisamala ngati yathu". Lamlungu lililonse amavala jekete, amakhala kutsogolo. Chinandipweteka kwambiri ndi achibale. Mlamu amene anandilozera uja ndiye anali woyamba kunena kuti tisapite nayo patali nkhaniyi, tikambirane pachiweniweni, munthuyo ali ndi ana. Ngati ine ndilibe ana. Tinakhala pansi katatu, ankhoswe a mbali zonse, ngati mlandu wa banja. Chimene ndinapezapo ndi giyabokosi ina yakutha imene anakaitola kwinakwake, mipando iwiri ija ndi waya wowotchera chimanga. Basi.

Ndinabwereka thirakitala, matayala obwereka, tinaikoka kubwerera nayo ku Chinamwali anthu akutiyang'ana mumsewu wonse. Denga tinalinyamula pa ngolo.

Amene anaiukitsa ndi madala ena a ku Matawale, anapuma ntchito ku PVHO, nthambi yoyang'anira magalimoto ndi makina a boma, moyo wawo wonse akukonza ma Land Rover a boma. Ankabwera pa njinga Loweruka lililonse ndi kachikwama ka masipana. Tsiku loyamba sanakhudze injini. Anatenga hamala yaing'ono n'kugona pansi, akugogoda chasisi, chimango cha pansi chimene chimanyamula galimoto yonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, akumvetsera. Pamene pali pabwino pamalira ngo ngo, powola pamangoti phu, nthawi zina hamala n'kulowa. Anandiuza kuti galimoto imeneyi imafera pansi, chifukwa chasisi ndi chitsulo, ndiponso khoma lija la pakati pa injini ndi miyendo ya dalaivala ndi chitsulo, matope akalowa m'kati amadya mwakachetechete thupi likuoneka bwinobwino. Yathu inali itawola kumbuyo kwenikweni kumene amakokera ngolo ndi pansi popondera. Tinadula, tinawotcherera zitsulo zatsopano. Injini inali itagwirana. Anachotsa mapulagi, anathira dizilo wosakaniza ndi oyilo m'masilinda onse anayi, n'kundiuza kuti ndisaikhudze masabata awiri. Kenako tsiku ndi tsiku kuigwedeza pang'onopang'ono ndi handulo yolizira ija yolowetsa kutsogolo, mpaka tsiku lina inazungulira.

Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatipeza ntchito ili pakati, galimoto ili pansi pa tenti, madzi akuyenda pansi pake ngati mtsinje. Kenako mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, masipeyala amene ndinkafuna kuitanitsa ku South Africa anakwera ndisanamalize kusonkha ndalama. Zitseko ndinazipeza pa chiphapha china kumunda wa fodya, boneti ku Ndirande nditayenda masiku atatu. Za injini, mabuleki, masipuling'i, zimenezo zimapezeka ukalimbikira, chifukwa ma Land Rover amenewa anali ponseponse m'dziko muno, kuboma, kumishoni, m'maesiteti. Koma za Dormobile zenizeni m'Malawi muno simungazipeze. Denga tinalimata ndi fayiba kwa munthu wokonza mabwato, chipsera chake chikuonekabe. Nsalu anasoka ndi telala wa mumsika, si yofanana ndi yakale.

Tsiku limene injini inalira, amayi anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja. Patapita milungu ingapo tinakwera nawo phiri, kudutsa Ku Chawe, damu la Mulunguzi, mpaka ku Chingwe's Hole, msewu uja woti galimoto zazing'ono zimabwerera panjira. Ndinakoka ndodo ya mutu wofiira, ya giya yamphamvu yokwerera mapiri, inangokwera pang'onopang'ono osadandaula. Amayi anakhala pampando wa kutsogolo pamene ankakhala ndi bambo, njira yonse osayankhula, dzanja lili pa dashibodi.

Tsono inu achimwene. Ijambuleni lero lomwe, kona iliyonse, m'kati, pansi, mu injini. Kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi kamene kali m'kati kutsogoloko kajambuleni, nambala yomweyo inadindidwanso pa chasisi kutsogolo kumanja pafupi ndi pogwirira sipuling'i, palani dzimbiri muione. Fufuzani buluu buku m'masutikesi a agogo musanawononge ngakhale tambala, ndipo gwirizanani kaye ndi amalume ndi azakhali anu kuti galimotoyo ndi ya ndani, chifukwa ikangoyamba kuwala eni ake achuluka. Chitofu, sinki, mipando, zogwirira denga, chotsani nokha mutsekere m'chipinda chanu chogona. Musaikoke kuti ilire, muthyola zinthu m'kati. Musalumikize batire mwachisawawa, zakale zina waya wopita ku thupi ndi wa positive, mukatembenuza muwononga zamagetsi. Masipana anu a mamilimita sakwanira bwino, mabawuti ake ndi a mainchesi, anyamata a masiku ano amangowakulunga mitu ndi kuwadula ndi chizilo. Mabuleki konzani onse, mapaipi, masilinda, musanayerekeze kutsika phiri la Zomba, galimotoyi ndi yolemera ndipo mabuleki ake ndi a madiramu mawilo onse anayi. Giya yoyamba ndi yachiwiri zilibe synchro, kachipangizo kothandiza giya kulowa mosavuta, muyenera kuphunzira kuponda kilachi kawiri.

Makaniko musamukhulupirire aliyense, ngakhale akhale m'bale wanu wa bere limodzi. Koma panokha simungathe, muyenera kupeza mkulu mmodzi wa imvi amene anakulira pa magalimoto amenewa n'kumumvera chilichonse, osamutsutsa, osamuwerengera maola. Madala aja ine ndinkawasiyira makiyi a nyumba ndikapita ku Lilongwe. Azibwera kwanu, galimoto isatuluke pageti.

Ndipo kunena zoona, mukandifunsa ngati zikupindulitsa, ndikuuzani kuti ayi. Ndalama imene ndathira m'menemo ndikanagula galimoto yabwino yochokera ku Japan n'kutsala ndi chenji. Petulo imamwa moti lita imodzi sindidutsa nayo makilomita 7, ndipo mafuta akasowa imakhala pakhomo mwezi wathunthu. Oyilo imadontha pansi ngakhale uimate bwanji. Pa msewu wa ku Blantyre minibasi iliyonse imandipitirira. Ngati muli ndi ana a sukulu ndipo fizi ikukuvutani, musayambe n'komwe, ingoikwezani pa njerwa, muifunditse tenti, idikire. Yadikira kale zaka zonsezi. Koma kugulitsa ayi, ngakhale abwere ndi ndalama m'manja, ngakhale mzungu wodutsa akuuzeni kuti akuthandizani kuchotsa chinyalala pakhomo, iyeyo akudziwa chimene chili pamenepo.

Ngati muli mu Zomba momwemuno ndilembereni ku inbox, Loweruka ndibwera ndi hamala ndi madala aja tidzagogode chasisi limodzi, sindikulipiritsani kanthu. Ndipo anzanga a m'gulu muno, wina akadzaona kachitofu ka gasi ka mitu iwiri kokhala m'kabokosi kachitsulo kopindika, kakale, pakhomo pa munthu kapena pamsika wa zitsulo, chivindikiro chake chili ndi zilembo ziwiri zokanda ndi msomali pakona, mundidziwitse. Anakanda ndi bambo anga, ndipo ndigula pa mtengo uliwonse.