Plugin ya zithunzi za pasipoti mu GIMP: yankho kwa achimwene a situdiyo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe ali ndi kasitudiyo kojambula zithunzi pafupi ndi msika. Funso lawo ndalifupikitsa chonchi: tsiku lililonse amajambula anthu ofuna zithunzi za pasipoti ndi za viza, ndipo chithunzi chilichonse amachidula, kuchichepetsa, kuchindandalika kangapo papepala limodzi, kenako n'kusindikiza, zonsezi pamanja mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta. Anatenga pa intaneti plugin ina, kapulogalamu koonjezera mu GIMP, kuti iwapeputse ntchito, koma pa menyu sikuoneka. Ndiye akufunsa kuti vuto lili pati, komanso ngati angathe kulemba yawoyawo pomwe za mapulogalamu sanaphunzirepo.

Achimwene, ndiyambe ndi yomwe yakana kuonekayo, chifukwa ndikuganiza kuti ndikudziwa chachitika. Tsegulani GIMP, mupite pa Help kenako About, muone nambala. Ngati ikuyamba ndi 3, ndiye kuti plugin munatengayo mwina inalembedwera GIMP 2.10, yomwe inatuluka mu April 2018 ndipo anthu anaigwiritsa ntchito zaka pafupifupi 7. Ma plugin ambiri a nthawi imeneyo analembedwa mu Python 2, mtundu wakale wa chilankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Python, ndipo mukatsegula fayilo yake mupeza pamwamba penipeni palembedwa "from gimpfu import". GIMP 3.0 itatuluka mu March 2025 inasiyiratu Python 2, yemwe eni akenso anasiya kumusamalira mu January 2020, n'kutenga Python 3. Fayilo ya gimpfu ija mu GIMP yatsopano mulibe. Choncho plugin yakale imangofa mwakachetechete: GIMP itseguka bwinobwino, sidandaula kanthu, koma pa menyu palibe chilichonse.

Pali chinanso chomwe chimapunthwitsa anthu ngakhale plugin ili yoyenera. Mu GIMP 3, plugin iliyonse imafuna foda yakeyake ya dzina lofanana ndi fayilo. Ngati fayilo ndi pasipoti.py, iyenera kukhala mu foda yotchedwa pasipoti, ndipo foda imeneyo ikhale mkati mwa foda ya plug-ins. Mukangoiponya pamtetete mu plug-ins monga tinkachitira kale, siiwerengedwa. Komwe kuli foda ya plug-ins musachite kulota: pitani pa Edit, Preferences, Folders, Plug-ins, GIMP ikuonetsani yokha. Amene muli pa Linux kapena Mac, fayiloyo muipatsenso chilolezo choti izitha kuyendetsedwa, ndi lamulo lija la chmod +x. Kenako tsekani GIMP n'kuitsegulanso, chifukwa imafufuza ma plugin poyamba pokha.

Tsono za kulemba yanu. Mungathe, ndipo ntchito yanuyo ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa ndi ya masamu okhaokha. Koma langizo langa lalikulu ndi loti plugin ikhale chinthu chomaliza kulemba. Poyamba tengani pepala ndi bolopeni, mulembe zomwe manja anu amachita pa chithunzi chimodzi, sitepe ndi sitepe, ndi manambala ake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi cha viza ya maiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen kapena cha pasipoti ya Britain ndi mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali. Mukasindikiza pa 300 dpi, kutanthauza timadontho (ma pixel) 300 pa inchi iliyonse, ndiye kuti ma pixel 413 ndi 531. Pepala la zithunzi la mainchesi 4 ndi 6 pa 300 dpi yomweyo ndi ma pixel 1200 ndi 1800. Mukaligoneka cham'mbali, 413 amalowa kanayi mu 1800 ndipo 531 amalowa kawiri mu 1200, ndiye zithunzi 8, n'kutsalako kampata koti lumo kapena sizasi idutsepo. Cha viza ya ku America ndi china: mainchesi 2 mbali zonse, ma pixel 600 ndi 600. Plugin yanu ntchito yake ndi imeneyi basi: kupanga chithunzi chatsopano choyera cha 1800 ndi 1200, kukopera nkhope ija ka 8, n'kuika kope iliyonse pamalo ake.

Kudula musakupereke kwa plugin. Kompyuta siidziwa pomwe pali chibwano ndi pomwe pathera tsitsi, ndipo maofesi a viza amakana chithunzi mutu ukakula kapena ukachepa. Dulani nokha ndi Crop, mutaika Fixed Aspect ratio pa 7:9, poti 35 ndi 45 ukawagawa ndi 5 umapeza 7 ndi 9. Mukalumpha sitepe imeneyi n'kuuza pulogalamu kuti ingochepetsa chithunzi chifike pa 413 ndi 531, nkhope imatuluka yoonda ndi yaitali ngati munthu wadziyang'ana pa supuni, ndipo kasitomala sakulipirani.

Manambala akakhala papepala, tsegulani Python Console. Mu GIMP 3 ili pa Filters, Development, Python-Fu. Ndi kawindo komwe mumalemba mzere umodzi, kukanikiza Enter, n'kuona pompo zomwe zachitika pa chithunzi chotsegula. Mwachitsanzo, Gimp.get_images() imakupatsani zithunzi zomwe zatsegulidwa, ndipo mukatenga chimodzi n'kuchitcha image, mzere woti image.scale(413, 531) uchichepetsa inu mukuona. Mukalakwitsa, uthenga wa cholakwacho ubwera pomwepo, pamene mu plugin yeniyeni zolakwa zambiri zimabisala. Ndiye pa Help palinso Procedure Browser, mndandanda wa zonse zomwe GIMP ingalamulidwe kuchita. Lembani mawu ngati scale kapena layer pa malo ofufuzira, ikuuzani dzina la lamulo ndi zomwe likufuna kupatsidwa. Ine nthawi yanga yambiri polemba plugin imathera mmenemo.

Mizere yanu ikagwira ntchito mu Console kuyambira poyamba mpaka pomaliza, apo ndiye muikulunge kukhala plugin. Chikuto chake mu GIMP 3 n'chachitali kuposa kale, sindikunamizani. Mu 2.10 unkangoitana register ndi main, watha. Pano umalemba class yochokera ku Gimp.PlugIn, yokhala ndi do_query_procedures yotchula dzina la plugin, ndi do_create_procedure yonena malo ake pa menyu ndi mafunso oti ifunse munthu. Musachiloweze pamtima chikuto chimenechi. GIMP imabwera ndi ma plugin ake a Python mu foda yomwe inaikidwa. Koperani imodzi yaing'ono, musinthe maina, muchotse zam'kati n'kuikamo mizere yanu ija. Kumbukirani kokha kuti GIMP 3 imalola munthu kusankha ma layer (magawo osanjikizana a chithunzi) angapo nthawi imodzi, choncho plugin imalandira mndandanda wa ma layer, ndipo muyenera kuiuza chochita akakhala oposa limodzi.

Zinthu ziwiri ndinaziphunzira ndi misozi. Plugin yanga yoyamba inkachita masitepe oposa 20, ndipo nditafuna kubweza ndinakanikiza Ctrl+Z mpaka chala kuwawa. Mankhwala ake ndi mizere iwiri: image.undo_group_start() poyambira ndi image.undo_group_end() pomalizira, zonse zimabwerera ndi kukanikiza kumodzi. Chachiwiri chinali choopsa. Ndinalemba kanthu kochepetsa zithunzi za ukwati wa msuweni wanga kuti zitumizike pa WhatsApp, n'kuiwala kusintha dzina la fayilo posunga. Zithunzi zazikulu zonse za mu foda imeneyo zinalembedwa pamwamba ndi tating'ono. Mwayi kadi ya kamera ndinali ndisanaifufute. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chomwe ndalemba chimasunga mu foda ina, ndipo ndimachiyesa kaye pa makope.

Mwina mwamvapo za Script-Fu, chilankhulo china cha mu GIMP chochokera ku Scheme, chodzadza ndi mabulaketi. Chikugwirabe ntchito, koma poti mukuyamba kumene, tengani Python. Mudzamugwiritsanso ntchito kwina kunja kwa GIMP.

Musanalembe chinthu china chilichonse, onani kaye ngati wina sanachilembe kale. G'MIC, plugin ya David Tschumperlé wa ku labotale ya GREYC mumzinda wa Caen ku France, ili ndi mafyuluta oposa 500, ndipo pochotsa timadontho ta zithunzi zojambulidwa mumdima ndi yomwe ndimayamba kuthamangira. Resynthesizer, yomwe anaiyamba Paul Harrison, imafufuta chinthu pa chithunzi n'kudzaza malowo ndi zozungulira. Inkachita zimenezi Photoshop isanabweretse Content-Aware Fill mu 2010. Pokonza zithunzi zakale za agogo zong'ambika, ndi chida chenicheni. Pa zithunzi zambirimbiri nthawi imodzi, plugin ya BIMP ndi ya 2.10, ndipo a GIMP 3 ali ndi Batcher. Koma pa chithunzi cha pasipoti zosalalitsa khungu ndi zofufuta zipsera muzisiye, ngakhale kasitomala achonderere bwanji. Malamulo a pasipoti ya Britain, mwachitsanzo, amanena poyera kuti chithunzi chisasinthidwe ndi pulogalamu ya kompyuta.

Za komwe munatenga plugin ija simunandiuze, ndipo ndi zomwe zikundidetsa nkhawa. Plugin ndi pulogalamu yathunthu. GIMP imaiyendetsa payokha, n'chifukwa chake ikagwa GIMP imatsala chilili, koma mphamvu zake pa kompyuta ndi zofanana ndi zanu: itha kuwerenga mafayilo, kufufuta, ngakhale kutumiza zinthu pa intaneti. Kompyuta yanu ili ndi nkhope za anthu mazanamazana, ena munawasikanira ziphaso zawo. Tengani ma plugin pa tsamba la mwini wake kapena pa GitHub pake pomwe khodi ikuoneka. Fayilo ya .py mutha kuitsegula ndi Notepad n'kuiwerenga. Plugin yondandalika zithunzi ikakhala ndi adiresi ya intaneti mkati mwake, funsani chomwe ikukafuna kumeneko. Ya .exe yochokera pa tsamba lodzadza ndi mabatani a Download isiyeni ndithu.

Ngati GIMP 2.10 ikukugwirirani ntchito ndipo makasitomala ali pamzere, palibe chokukakamizani kusamuka mawa. Koma plugin yatsopano mulembere 3, kuopa kulemba kawiri. Yambani ndi mizere ya mu Console ija, mpaka pepala la zithunzi 8 lituluke pa sikirini. Likatuluka, sindikizani limodzi, mutenge rula muyeze: pakhale 35 ndi 45. Likapanda kukwana, kawirikawiri vuto limakhala loti resolution siinaikidwe pa 300 dpi kapena printa yaikidwa pa Fit to page. Mukakakamira penapake, nditumizireni mizere yanuyo pamodzi ndi uthenga wa cholakwa womwe Console yalemba, ndi nambala ya GIMP yanu, tione limodzi.