Choyezera mvula chisachoke pamtengo pake m'nyengo yozizira

Bambo a ku Katete, ndawerenga funso lanu lija. Mwanena kuti munagula kachipangizo koyezera nyengo ka pakhomo, ndipo kabuku kamene kanabwera nako kakulangiza kuti nyengo yozizira ikafika muchotse choyezera mvula n'kuchisunga m'nyumba, kapena muchigulire chotenthetsera, ndiye mukufuna kudziwa ngati muyenera kutero pamene Juni wayandikira. Ine ndakhala ndi chipangizo cha mtundu umenewu pakhomo panga kuno ku Chipata kwa zaka zingapo, ndipo yankho langa ndi lakuti musachichotse, ndiponso musataye ndalama pa chotenthetsera. Chisiyeni pomwe chili, koma muchiyang'anire pa zinthu zina zimene kabukuko sikanatchule n'komwe.

Amene analemba kabukuko ankaganizira anthu a kumayiko ngati Canada ndi Germany, kumene kumazizira mpaka madzi kuundana. Madzi amaundana kuzizira kukafika pa digiri 0, ndipo akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, kotero timadzi totsalira m'kati mwa choyezera timatha kung'amba pulasitiki kapena kumanga tizigawo toyenda. Kumenekonso chipale chimadzaza fanelo osatsikira pansi, n'chifukwa chake amaikamo chotenthetsera kuti chisungunuke n'kuyezedwa ngati madzi. Kwathu kuno kuzizira kwa Juni ndi Julayi timakumva ndithu, popeza Chipata ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, koma mbandakucha wa masiku ambiri choyezera kutentha chimasonyeza madigiri 10 kapena 12. Kumalo ena monga ku Sesheke ndi pamwamba pa mapiri a Nyika chisanu chimawauladi mbewu, ndipo ngakhale kuno amene ali ndi madimba m'madambo amadziwa kuti mphepo yozizira imatsikira kumeneko usiku. Komabe nyengo yathu yozizira ndi nyengo yopanda mvula, ndiye ngakhale chisanu chitagwa, m'choyezeramo mumakhala mouma, mulibe madzi oti aundane.

Kuumako ndiye kumene kumabweretsa mavuto athu. Kuti mumvetse bwino, tsegulani chipangizo chanucho tsiku lina muone m'kati. Pansi pa fanelo pali timakapu tiwiri tolumikizana, tokhala pa kachitsulo kamodzi ngati sikelo. Kakapu kamodzi kakadzaza kamalemera n'kugwa, kutaya madzi ake, ndipo kanzake kamakwera kudzalandira madontho otsatira. Pa kugwa kulikonse, kamaginito kamadutsa pafupi ndi kaswichi kakang'ono, ndipo chipangizo chimawerenga kuti kwagwa mvula ya mamilimita 0.2, kapena 0.254 ngati chinapangidwira msika wa ku America kumene amawerengera m'mainchi. Madzi amene amagwetsa kakapuko ndi ochepa kwambiri, osadzaza ngakhale supuni yaing'ono ya tiyi. Chinthu chopepuka choterechi chimasokonezeka ndi kanthu kakang'ono: fumbi lokhala pansi pa kakapu limakalemeretsa n'kumagwa msanga, ndipo ulusi umodzi wa kangaude umakwanira kukamanga kuti kasagwe n'komwe.

Ndikufotokozereni zimene zinandichitikira m'chaka changa choyamba. Mvula itatha mu Epulo ndinachiiwala chipangizocho, poganiza kuti chinthu chimene sichikugwira ntchito sichingawonongeke. Kumapeto kwa Okutobala kunagwa chizimalupsa champhamvu, madzi akusefukira m'ngalande ya pamsewu, mabeseni amene amayi a kunyumba anatchera pansi pa malata atadzaza, koma kasikirini ka m'nyumba kakusonyeza 0.0. M'mawa mwake nditakwera pa makwerero ndinapeza fanelo itadzaza madzi akuda mpaka pakamwa, chifukwa kabowo ka pansi kanali katatsekeka ndi phulusa, maluwa ouma a mango ndi zitosi za mbalame, zonse zitagwirana ngati phala. Nditatsegula m'kati ndinapeza kuti mavu aja omanga ndi dothi amanga nyumba yawo pansi penipeni pa kakapu kamodzi, moti ngakhale madzi akanatsika kakapuko sikakanagwa. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho sindinaiyeze, ndipo m'kabuku kanga kolembamo mvula tsiku limenelo pali mzere wopanda kanthu mpaka lero.

Phulusa limenelo limachokera ku moto wa m'tchire. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala anthu amatentha minda ndi tchire, ena pokonza minda, ena posaka mbewa monga mwa chizolowezi chathu cha kuno kum'mawa, ndipo mphepo ya Ogasiti imanyamula timapulusa takuda mtunda wautali. Fanelo ndi chinthu chopangidwa kuti chilandire chilichonse chogwa kuchokera kumwamba, sichisankha. Mame a m'mawa akanyowetsa phulusa ndi fumbi lija, dzuwa n'kuziumitsa, ndipo zikabwerezabwereza kwa miyezi itatu, pakabowo pamapangika chotseka cholimba. Moto weniweniwo ndi woopsa kuposa phulusa lake. Ngati chipangizo chanu chili kumunda kapena kumalire a pakhomo kumene kuli udzu, lambulani mozungulira mtengo wake mamita atatu kapena anayi udzu usanaumiretu, popeza pulasitiki safuna kuti lawi limukhudze, kutentha kokha kumamupinda, ndipo fanelo ikapindika pakamwa miyezo yake yonse imakhala yabodza.

Mwina mungaganize zongomanga pepala la pulasitiki pamwamba mpaka mvula idzabwere. Ine sindilimbikitsa zimenezi. Choyamba, m'miyezi yozizira nthawi zina kumachita mitambo ndi kamvula kowaza, ndipo kameneko n'kofunika kulowa m'kaundula wanu ngakhale kali kochepa. Chachiwiri, munthu amaiwala, ndipo chizimalupsa sichipangana ndi munthu tsiku lobwera. Komanso pansi pa pulasitiki pamakhala mdima ndi kafungo ka chinyezi kamene nyerere ndi akangaude amakonda. Chimene chimathandiza ndi kasefa kamene kamakhala m'fanelo. Ngati chanu chinabwera popanda kasefa, dulani kachidutswa ka neti ya pawindo muikemo mopinda ngati chipewa, kuti masamba azitsakamira m'mbali madzi n'kumadutsa. Kasefako kakhale m'munsi mwa fanelo, kasatuluke pamwamba pa mlomo wake, chifukwa chilichonse chotchinga pakamwa chimamwaza madontho.

Ntchito yeniyeni ndi yoyeretsa, ndipo ine ndimachita kamodzi pa mwezi kuyambira Meyi, kenaka kawiri mu Okutobala. Musanakhudze kanthu, chotsani mabatire kapena zulani waya wa choyezera mvula, chifukwa mukamagwedeza timakapu tija chipangizo chimalemba kuti kwagwa mvula, ndipo ngati chimatumiza miyezo pa intaneti anthu adzaona kuti ku Katete kwagwa mamilimita 15 mu Julayi. Chotsani fanelo muitsuke ndi madzi ndi sopo pang'ono, kabowo mukaboole ndi kaudzu kofewa osati msomali, popeza kabowo kakakula kapena kukandika madzi amagwera pambali pa kakapu. Timakapu titsukeni ndi mswachi wakale mosakanikiza, kenaka mutigwedeze ndi chala kuti mumve ngati tikugwa momasuka mbali zonse ziwiri. Yang'ananinso timabowo ta pansi totulutsira madzi, chifukwa ndi pamene mavu, nyerere ndi abuluzi ang'onoang'ono amalowera, ndipo pamenepo mungamatepo kaneti kena kuchokera kunja. Pa kachitsulo kamene timakapu timazungulirapo musathirepo mafuta kapena girisi, ngakhale mtima ukuuzeni kuti chinthu choyenda chimafuna mafuta, chifukwa m'fumbi lathu lino mafutawo amasanduka matope m'masabata awiri. Mankhwala opopera tizilombo nawonso musawapopere m'kati, amasiya utoto womata pa timakapu ndipo ena amadya pulasitiki. Ngati nyerere zikukwera, girisiyo pakani mozungulira mtengo wa chipangizo, m'munsi, kutali ndi choyezera.

Za mabatire ndinene mwachidule. Kuzizira kumafooketsa mabatire wamba, ndipo mukaona chipangizo chikusiya kutumiza miyezo cha m'ma 4 koloko m'mawa n'kuyambiranso dzuwa likatuluka, vuto ndi limenelo. Ikani atsopano mu Meyi, ndipo kasola kakang'ono ka pamwamba muzikapukuta ndi nsalu yonyowa nthawi iliyonse mwakwerapo.

Pali chinthu china chimene ambiri saganizira, ndicho kupendekeka kwa mtengo. Dothi limene linanyowa miyezi isanu likamauma limang'ambika ndi kusuntha, mphepo ya Julayi ndi Ogasiti imakankha, mbuzi ndi ng'ombe zimadzikhula pamtengo, ndipo ngati ndi wa thabwa chiswe chimaudya pansi mwakachetechete. Choyezera chikapendekeka, kakapu kamodzi kamagwa ndi madzi ochepa ndipo kanzake kamafuna ambiri, komanso pakamwa pa fanelo sipalandira mvula mokwanira. Bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba muiike pamwamba pa fanelo mbali ziwiri zopingasana. Ngati mukufuna kusintha mtengo kuti muike paipi yachitsulo ya konkire pansi, nthawi yake ndi ino, pamene simutaya muyezo uliwonse. Posankha malo, tsatirani lamulo limene akatswiri a zanyengo amagwiritsa ntchito, lakuti nyumba kapena mtengo zitalikirane ndi choyezera kuwirikiza kawiri kutalika kwa nyumbayo kapena mtengowo, ndipo ngati malo alipo, kanayi. Mtengo wa mango wa mamita 6 ukhale pa mtunda wosachepera mamita 12. Kumbukirani kuti mitengo imakula, ndipo malo amene anali poyera zaka zitatu zapitazo mwina lero ali pamthunzi. Padenga la nyumba sindipakonda, chifukwa mphepo imathamanga kwambiri pamenepo n'kuuluza madontho kudutsa pakamwa pa fanelo, ndiponso chinthu chimene chimafuna makwerero aatali munthu sachiyeretsa kawirikawiri.

Mukamaliza zonsezi, cha mu Sepitembala, chiyeseni chipangizocho ngati chikunena zoona, ndipo masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Fanelo yanga ndi ya masentimita 16 kuchokera mlomo uwu kufika mlomo uwo, ndiye pakamwa pake ndi pafupifupi masikweya sentimita 201, kutanthauza kuti milimita imodzi ya mvula ndi mamililita 20 a madzi, ndipo kakapu kamayenera kugwa ndi mamililita 4. Ndimayeza mamililita 200 ndi sirinji ya ku famase, kuwathira m'botolo la pulasitiki limene ndaboola ndi singano pansi, n'kuliika pamwamba pa fanelo kuti lizidontha pang'onopang'ono kwa mphindi 15 kapena 20. Timakapu tiyenera kugwa ka 50 ndipo kasikirini kasonyeze mamilimita 10. Musakhuthule madziwo nthawi imodzi, chifukwa pamene kakapu kakugwa madzi ena amatayika osawerengedwa, ndipo mudzaganiza kuti chipangizo chawonongeka pamene cholakwa ndi dzanja lanu. Chikasonyeza pakati pa 9.6 ndi 10.4 ine ndimachisiya. Chikaphonya kwambiri, pansi pa timakapu pa zipangizo zambiri pamakhala timasikuluwu tiwiri tosinthira, ndipo muzitembenuza pang'ono mofanana mbali zonse n'kuyesanso. Mukatha, fufutani mamilimita abodzawo m'kaundula.

Ndingakulangizeninso kuti mukhale ndi choyezera chachiwiri cha pamanja, chija chokhala ndi fanelo ndi kabotolo ka manambala, chofanana ndi zimene a nthambi ya boma yoona za nyengo, Zambia Meteorological Department, amagwiritsa ntchito pa malo awo monga ku Msekera pafupi ndi Chipata. Chimenecho sichifuna batire, ndipo mukamachiwerenga 8 koloko m'mawa uliwonse monga amachitira iwo, miyezo yanu ingayerekezedwe ndi yawo. Kabotolo kake ka manambala, ngati n'ka pulasitiki, ndi chinthu chokhacho chimene ndingavomere kuti musunge m'nyumba m'miyezi youma, chifukwa dzuwa limafufuta manambala ndi kuchititsa pulasitiki kuphwanyika, ndipo ana amakatenga kukaseweretsa. Panja musiyepo botolo wamba pansi pa fanelo. M'nyengo ya 2023 mpaka 2024, pamene mvula inadula pakati chimanga chili pafupi kumasula ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza chilala kukhala ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale 2024, kabuku kanga ka pamanja ndi kamene kanandisonyeza bwino kutalika kwa ng'amba ija, popeza kasikirini ka chipangizo chija kankataya miyezo ina magetsi a m'nyumba akazima.

Ngati mungayeze kukula kwa pakamwa pa fanelo yanu ndi rula, kuchokera m'kati mwa mlomo kufika m'kati mwa mlomo winawo, n'kundiuza pano pamodzi ndi muyezo umene kabuku kanu kakunena pa kugwa kumodzi kwa kakapu, ndidzakuwerengerani kuchuluka kwa madzi oti muthire ndi nambala imene kasikirini kayenera kusonyeza.