Kodi ndi IMF imene imagwetsa kwacha?

Mayi wina wogulitsa zitenje mumsika wa Zomba watilembera kuti: "Ndimakaoda katundu ku Kyela, ku Tanzania. Ulendo uliwonse ndalama zomwezo zikundigulira katundu wochepa. Anthu akuti ndi IMF. Kodi ndi zoona, nanga ndipange bwanji?"

Mayi, IMF, bungwe la padziko lonse lobwereketsa ndalama kumayiko, ilipo pa nkhaniyi, koma gwero lake lili kwathu konkuno. Dziko lathu limagula kunja katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni pachaka, pamene zimene timagulitsa kunja, makamaka fodya, tiyi, shuga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, zimabweretsa pafupifupi 1 biliyoni basi. Mafuta a galimoto odzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, feteleza, mankhwala a m'zipatala, zonsezi zimafuna madola. Madola amabwera ambiri nyengo ya okushoni ya fodya, kuyambira cha mu Epulo, ndipo mvula ikamayandikira amakhala atayamba kusowa.

Ofuna madola akachuluka, mtengo wake umakwera. Banki ya Reserve ikaumirira mtengo wakale, kumabanki madola amasowa, anthu n'kumakagula kwa osintha ndalama m'misewu pa mtengo wokwera. Apa ndi pamene IMF imalowerera. Boma likapita kukapempha ngongole, iwo amati mtengo wa kubanki ufanane ndi mtengo weniweni, chifukwa madola otchipawo amangofika kwa ochepa odziwana ndi akuluakulu. Ndi zimene zinachitika mu Novembala 2023: dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kukwera ndi 44 peresenti, ndipo patangotha masiku ochepa IMF inavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni ya zaka zinayi. Mu Meyi 2022 kwacha inali itachepetsedwa kale mphamvu ndi 25 peresenti.

Maganizo a IMF ndi akuti kwacha ikatsika, katundu wathu amatchipa kunja ndipo timagulitsa zambiri. Ife tikuona kuti apa mankhwalawa sakugwirizana ndi matenda athu. Mlimi wa fodya sangachulukitse zokolola chaka chimodzi chokha, ndipo feteleza amene akufunikayo ndi wakunja, wakwera tsiku lomwelo. Komanso boma likapitiriza kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera pamisonkho, n'kumabwereka m'mabanki a m'dziko muno, makwacha amachuluka pamene madola ali omwewo, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiri ija kumabwereranso. Pulogalamu ya ngongole ya 2023 ija inatha mu Meyi 2025 popanda kuunikidwa ngakhale kamodzi, ndalama zambiri zisanaperekedwe.

Tsopano za mpamba wanu, pakuti apa ndi pamene amalonda ambiri amagwera. Tiyerekeze kuti munaoda zitenje za madola 100 dola ili pa K1,180. Munalipira K118,000. Mwagulitsa zonse mwapeza K140,000, m'kope mwalemba phindu la K22,000. Koma pobwerera kukaoda, katundu yemweyo akufuna K170,000. Phindu lija kulibe, ndipo mpamba waperewera ndi K30,000, osawerengera thiransipoti ndi msonkho wa pachipata cha Songwe.

Choncho mtengo wa chitenje muziuwerengera pa ndalama imene mudzaodere ulendo wotsatira, osati imene munaodera. Musanatsegule benchi m'mawa, funsani anzanu a ku Karonga kuti shilingi ya ku Tanzania ikusinthidwa pa zingati. Ndalama zogulitsa zisamagone nthawi yaitali m'chikwama, zisandutseni katundu msanga. Ngongole kwa makasitomala ichepe ndipo ikhale ya masiku owerengeka, chifukwa K10,000 yobwezedwa patatha miyezi itatu sigulanso zimene ikanagula lero. Ngati muli kubanki nkhonde, werengerani bwino chiwongoladzanja musanatenge ndalama yoodera, pakuti katundu akachedwa kuyenda chiwongoladzanjacho chimadya phindu lonse. Ndipo ulendo wa ku Kyela muzisonkherana anthu atatu kapena anayi n'kutuma mmodzi, kuti mtengo wa basi ugawidwe pa mabelo ambiri.