Kodi mwana wa Mmalawi angapeze sikolashipu ya anthu akuda a ku America?

Mayi wina wa kwathu amene akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi anabadwira konko ndipo ali giredi 11. Kusukulu anamupatsa mndandanda wa masikolashipu olembedwa kuti ndi a "African-American", ndiye mayiwo akufuna kudziwa ngati mwana wa Mmalawi amawerengedwa m'gulu limeneli, kapena ndi la okhawo amene makolo awo akale anabwera pa ukapolo. Kumapeto anafunsanso za mwana wa achimwene awo ku Zomba, amene wakhoza bwino mayeso a MSCE, ngati nayenso angapemphe nawo.

Zikomo amayi polemba. Wanuyo angapemphe, koma wa ku Zomba uja zake ndi zina. Chimene chikuwasiyanitsa awiriwa si khungu ayi, ndi mapepala. Mabungwe ambiri akalemba kuti "Black or African American" safunsa kumene agogo anachokera. Amafunsa ngati mwanayo ndi nzika ya America kapena ali ndi green card, ngati amakhoza bwino m'kalasi, ndiponso ndalama zimene banja limapeza pa chaka. Mwachitsanzo Ron Brown Scholar Program, imene yakhala ikupereka madola 40,000 pa zaka zinayi, imalandira nzika ndi a green card. Mwana wobadwira ku Indiana ndi nzika, choncho alembe popanda kudzikayikira. Alipo malo ena amene amatchula mwachindunji zidzukulu za akapolo, monga yunivesite ya Georgetown imene posankha ophunzira imaganizira mwapadera zidzukulu za anthu 272 amene anagulitsidwa mu 1838 kuti sukuluyo ibweze ngongole. Pamenepo si pathu, tisamakakamire.

Mndandanda wakusukuluwo muuone bwino kuti unalembedwa liti. Pa 29 June 2023 khothi lalikulu la ku America linagamula, pa mlandu wokhudza Harvard ndi yunivesite ya North Carolina, kuti makoleji asamayang'anenso mtundu wa munthu posankha ophunzira. Chigamulocho chinali cha kasankhidwe, osati masikolashipu, koma makoleji ambiri aboma anachita mantha n'kusintha kapena kuimitsa masikolashipu awo amene ankatchula mtundu. Ngakhale Gates Scholarship, imene imatenga ophunzira 300 pa chaka n'kuwalipirira zonse zotsala, inachotsa zoti wopempha akhale wa mtundu wakutiwakuti mu 2025. Tsopano imayang'ana kuchepa kwa ndalama za banja ndi kakhozedwe. Ndiye pepala losindikizidwa kale likhoza kukusocheretsani. Bungwe lililonse mulitsegule pa intaneti muwerenge zimene likufuna chaka chino.

Chimene ndikufuna chikukhaleni pamtima n'chakuti masikolashipu a mabungwe ndi ndiwo chabe. Nsima yake ndi thandizo la boma ndi la koleji imene mwana akapiteyo. Makolo ambiri timatha miyezi tikuthamangitsa timasikolashipu ta madola 500, fomu yaikulu ili chikhalire pa tebulo. Fomuyo ndi FAFSA. Ndi yaulere, kawirikawiri imatsegulidwa pa 1 October m'chaka chimene mwana ali giredi 12, ndipo imadzazidwa chaka ndi chaka mpaka atamaliza koleji. Ndiyo imatsegula Pell Grant, ndalama ya boma yosabweza imene m'zaka zapitazi yafika madola 7,395 pa chaka kwa osowa kwambiri. Ndiyonso imene Indiana imagwiritsa ntchito popereka Frank O'Bannon Grant, ndipo tsiku lomaliza kwanu kumeneko ndi 15 April. Mufunsenso aphungu a pasukulu ngati dzina lake lili mu 21st Century Scholars, pologalamu ya Indiana imene ana amalowa akali giredi 7 kapena 8 ndipo imalipira fizi ku makoleji aboma a m'chigawocho. Musadabwe FAFSA ikafuna msonkho wa zaka ziwiri m'mbuyo, kuwerengera kuchokera pa chaka chimene mwana akayambe koleji. Fufuzani fomu yanu ya msonkho ya 1040 ija lero, muyiike mu envulopu imodzi ndi makalata onse a koleji.

Mitengo yolembedwa isakuthawitseni. Makoleji olemera kwambiri nthawi zina ndiwo amatsika mtengo kwa banja lopeza zochepa. Harvard inalengeza mu 2025 kuti mwana wa banja lopeza madola 100,000 kapena kucheperapo pa chaka salipira kalikonse, ngakhale chakudya ndi pogona. Notre Dame, imene mumaidutsa pamsewu pompo, inalengeza mu 2024 kuti siyang'ananso thumba posankha ndipo siyikanso ngongole m'thandizo lake. Kulowa m'makoleji amenewa n'kovuta zedi, zimenezo tisanamizane, koma mwana wokhoza bwino ayese kudzera ku QuestBridge, imene imalumikiza ana a mabanja osowa ndi makoleji otere ndipo imatseka kumapeto kwa September. Koleji iliyonse ili ndi kachowerengera pa tsamba lake kotchedwa net price calculator. Mukalowetsamo malipiro anu kamakuuzani pafupifupi zimene mudzatulutsa m'thumba. Ndipo musanakondwere ndi sikolashipu yakunja, funsani ofesi ya zandalama ya kolejiyo kuti idzachotsa pati. Ena amachotsa pa ngongole, zimene zili bwino, koma ena amangochepetsa thandizo lawo, inu n'kubwerera pomwe munali.

Pali makoleji pafupifupi 100 otchedwa HBCU, amene anakhazikitsidwa chisanafike chaka cha 1964 kuti aphunzitse anthu akuda pa nthawi imene sukulu zambiri zinkawakana. Howard ku Washington, Spelman ndi Morehouse ku Atlanta ndi ena mwa odziwika. Bungwe la UNCF, limene Frederick D. Patterson wa ku Tuskegee anayambitsa mu 1944, limathandiza makoleji 37 osakhala aboma mwa amenewa ndipo limayendetsa masikolashipu ambirimbiri ogwira ntchito ngakhale ku makoleji ena. Thurgood Marshall College Fund, ya mu 1987, imaona kwambiri makoleji aboma a m'gululi.

Ife Amalawi makoleji amenewa tili nawo pa ubale wakale, ngakhale ana athu ambiri sadziwa. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College ku Lynchburg, sukulu ya mpingo wa Baptist wa anthu akuda, asanabwerere mu 1900 kudzayambitsa PIM ku Chiradzulu. Daniel Malekebu, amene anadzatsegulanso PIM mu 1926, udokotala wake anautenga ku Meharry Medical College ku Nashville. Kamuzu Banda anayambira ku Wilberforce ku Ohio mothandizidwa ndi mpingo wa AME, ndipo anamaliza udokotala ku Meharry komweko mu 1937. Ambiri mwa anthu amene ankasonkha ndalama m'mipingo imeneyi anali ana ndi zidzukulu za akapolo, eni ake akusowa. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva anzathu ena akunyoza akuda a ku America patebulo, m'mawa mwake n'kukapempha ndalama zimene makolo a anthu omwewo anamenyera nkhondo. Mwana wanu amve mbiri imeneyi asanalembe nkhani yake yofunsira malo, ndipo m'nkhanimo asabwereke mavuto a ena. Khothi lija silinaletse mwana kufotokoza mmene mtundu wake wakhudzira moyo wake. Alembe zake zenizeni, kaya ndi za kulera ang'ono ake inu muli ku ntchito ya usiku, kaya za kulankhula Chichewa kunyumba ndi Chingerezi kusukulu. Koma dziwani kuti ma HBCU ambiri alibe chuma chochuluka ngati Harvard, choncho makalata a thandizo akabwera muwaike pamodzi n'kuwerenga zotsala kulipira pa iliyonse.

Tibwere kwa mnyamata wa ku Zomba. Njira yake ndi viza ya ophunzira ngati ingapezeke, ndipo FAFSA, Pell Grant, Gates ndi Ron Brown sizimukhudza. Chiyembekezo chake chili pa makoleji amene amathandiza ochokera kunja ndi ndalama zawo, monga MIT, Amherst, Yale, Princeton ndi Notre Dame yomweyo, kapena Berea College ku Kentucky kumene wophunzira aliyense salipira fizi koma amagwira ntchito pasukulupo. Asaiwale Mastercard Foundation Scholars Program, imene inayamba mu 2012 ndipo malo ake ambiri ali m'mayunivesite a mu Africa momwemo. Malamulo a viza kwa Amalawi anakhwima mu 2025, ndiye asanalipire mayeso aliwonse ayambe wafunsa a EducationUSA ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe. Uphungu wawo ndi waulere. Wina akamuuza pa WhatsApp kuti atumize ndalama kuti amupezere sikolashipu, achimwene anu asagulitse mbuzi, ameneyo ndi wakuba.