Chikwama chapsa ndi ekizozi: yesani mpata chitadzaza katundu

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake chikwama chanu chakumanja kwa njinga yamoto chabooka kunsi pomwe sichigunda ekizozi, komanso ngati kukulunga paipi ndi nsalu yoteteza kutentha kungathandize. Chithunzi chanu ndachiona bwino. Mwajambula chikwamacho chili chopanda kanthu, njinga itaima pa sitandi. Pamenepo mpata umaoneka wokwanira. Longezanimo shuga ndi sopo, muyende nacho pa mabampu a ku Kanyama mu Lusaka, muone mmene chimalendewera. Malamba amatamuka, kunsi kumafufuma, ndipo pokhota chimapendekera mkati n'kukapsompsona sailensa, chigawo chakumapeto cha ekizozi. Mukaima chimabwerera pamalo pake ngati sichinalakwe.

Zinandichitikira ndi njinga yanga ya Boxer mu October, dzuwa lili phwee. Ndinanyamula katundu ku Soweto Market kupita naye ku Chongwe. Pa Great East Road, cha pa Manda Hill, magalimoto anathinana, ine n'kumamva fungo la pulasitiki wopsa, n'kumati pali wina akutentha zinyalala. Wotentha zinyalalayo ndinali ine. Pofika ku Chongwe chibowo chinali choti chibakera n'kulowa, majarini atasanduka madzi, shuga wina nditamwaza mumsewu. Mayi mwini katunduyo sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo kuyang'anako kunandipweteka kuposa mawu.

Chimene anthu ambiri sachiganizira ndi mpweya wotuluka kukamwa kwa ekizozi. Ngati chikwama chapitirira kumbuyo kwa paipi, mpweyawo umachiwomba ulendo wonse ngakhale chitsulo chisachikhudze. Pa chithunzi chanu chibowo chili chakumbuyo, choncho ndikuganiza kuti vuto ndi limeneli. Zikwama zambiri zotchipa n'zopakidwa pulasitiki wotchedwa PVC kuti zisalowe madzi, ndipo PVC sapirira kutentha, amafewa msanga. Nsalu ya nayiloni kapena poliyesitala imafuna madigiri opitirira 200 kuti isungunuke, koma paipi ya pafupi ndi injini imadutsa pamenepo kutali, ndipo sailensa nayo imawotcha mwendo mukangoigunda pang'ono. Pamzere wa magalimoto m'pamene zimaipa, chifukwa palibe mphepo yoziziritsa.

Za nsalu yokulunga ija, ine sindikulimbikitsani. Imachepetsadi kutentha kwa kunja kwa paipi, koma mpweya wotuluka kumapeto suusintha kukhala wozizira. Ndiye mvula ikayamba mu November nsaluyo imasunga madzi ndi matope, paipi n'kumadyeka dzimbiri mkati mwake inu osaona.

Pitani kwa owotcherera zitsulo, a ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road aja kapena a kwanu komweko. Akupangireni kafelemu kachitsulo mbali zonse ziwiri, kokhala ndi kathandala kunsi koti chikwama chizikhalapo. Mupite ndi chikwamacho chitadzaza, asayese ndi maso. Pakati pa kunsi kwa chikwama ndi sailensa pazilowa zala zinayi momasuka, ndipo chikwama chisafike pamene pamatulukira utsi. Ngati n'chachitali, chisunthireni kutsogolo kapena chikwezeni. Kafelemuko amange ndi mabauti pa felemu ya njinga, asawotcherere pa ekizozi penipeni, apo ayi kutentha kudzayenda m'chitsulo mpaka kuchikwama. Powotcherera pafupi ndi njinga muchotse waya wa batire, ndipo moto ukhale kutali ndi thanki.

Kenako kachidutswa ka lata la aluminiyamu kunsi kwa kathandalako. Apa m'pamene ambiri amaphonya: amamata latalo pachikwama penipeni, lata n'kutentha, chikwama n'kupsa chimodzimodzi. Ikani mawashala kapena manati pakati kuti patsale kampata kodutsa mphepo. Chimene chimateteza ndi mphepo yodutsayo.

Mbali ya kumanzere musaiiwale. Kulibe ekizozi koma kuli tcheni, ndipo lamba wolendewera akakodwa mmenemo ndi nkhani ina yoposa chibowo.

Mukamaliza yendani mphindi makumi awiri, muime, mugwire kunsi kwa chikwama ndi dzanja. Ngati simungathe kusiyapo dzanja, bwererani kwa wowotcherera. Ine kumanja ndimaikako jekete la mvula ndi masipanala basi. Foni, pawabanki ndi zakudya zimakhala kumanzere, ndipo kabotolo ka petulo sikalowa kumanja ngakhale ulendo ukhale wa pafupi ngati wa ku Kamwala.